Ndinkadikira Kuti Zilire Ngati Malambe

Ine pa nkhani ya zipatso ndinalibe wondiphunzitsa, ndipo ndinkanena zimenezi poyera. Ndinakulira pa Zalewa, pamene basi ikangoima timathamangira m'mawindo malichero ali pamutu. Manachesi a ku Mwanza, mapeyala, masau, malambe, zonsezi zadutsa m'manja mwangamu kuyambira ndili kamtsikana kosavala nsapato. Peyala ndinkangolitsina pang'ono n'kukuuzani kuti mudya mawa kapena mkucha, ndipo sindinkaphonya. Kunyada kumeneko ndinakwera nako ndege mpaka ku Doha, ndipo n'kumene kunatsala pang'ono kundibweza kwathu.

Nyumba ya ku Al Hilal inali yachiwiri. Yoyamba ndinangokhalako masabata asanu ndi limodzi. Mayi wa kumeneko ukamufunsa kanthu, ngakhale kuti mchere uli pati, ankadzigogoda pamutu ndi chala n'kunena kuti, "Mafi mukhu," kutanthauza kuti m'mutu mwanga mulibe ubongo. Tsiku lina anangondikweza galimoto n'kukanditula ku ofesi ya ejenti amene anandipezera ntchito. Bambo wa ku ofesiyo sanazungulire ayi. Anati ndikabwezedwanso miyezi itatu yoyeserera isanathe, palibe za nyumba yachitatu, ndi tikiti basi. Tikiti! Kukatsika pa Zalewa manja lende, onse amene anandiperekeza ndi nthungululu aja akundiyang'ana, mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Choncho polowa pageti la nyumba yachiwiri ndinalumbira zinthu ziwiri: sindibwezedwanso, ndipo sindifunsanso mafunso oti munthu andione wopusa.

M'nyumbamo munali anthu awiri okha. Bwana anali wa ku Lebanoni, wa ntchito zomangamanga, munthu wosakhala pansi, chilichonse "yala, yala," kutanthauza kuti fulumira. Madamu anali a ku Brazil, chakumtsinje waukulu wa Amazon kuja. Anali munthu wofatsa, woyamba ku Doha konse kundifunsa ngati ndadya. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ana awiri oyamba anapita padera. Pakati pameneponso panawazunza koopsa. Chilichonse chikalowa pakamwa chinkabwerera, mpaka anawagoneka kuchipatala ku Al Sadd n'kuwaika diripi. Miyezi iwiri yonse ankangolirira chinthu chimodzi, chipatso cha kwawo chotchedwa kupuwasu. Ankati chokhacho n'chimene mtima wawo ungalandire.

Ine zimenezo sindinkaziseka, chifukwa nanenso ndinali ndi changa. Tsiku limene ndinkachoka, amayi anga anandipanikizira dambe limodzi m'sutukesi, lalikulu, losaswa. Anati ndikadye ndikafika. Koma sindinadye. Ndinkalisunga pansi pa zitenje, ndipo masana pa nthawi yopuma, ndikakumbuka kwathu, ndinkalitulutsa n'kuligwedeza pakhutu. Likati tseketseke ndinkamva basi zikuima pa Zalewa, kenako n'kulibwezera n'kupita kukasita.

Zipatso za madamu zinafika Lamulungu masana, mwezi wa Meyi, dzuwa litayamba kale zake zija zoti ukagwira geti lachitsulo umapsa. Anabwera nazo msuweni wawo, mtsikana wogwira ntchito m'ndege. Zinali zinayi, m'chikwama chozizira. Amayi a madamu anazitola okha kuseri kwa nyumba yawo, ndipo zinali zomaliza, nyengo yake inali itatha. Ine panthawiyo panatsala masabata awiri okha kuti miyezi yanga itatu ikwane.

Bwana anazilandira pageti, n'kukaziika yekha mu fuliji yaikulu ya m'khitchini ya panja.

"Madamu atuluka Lachinayi, inshala," anandiuza makiyi ali kale m'manja. "Izi ukudziwa mmene azilirira. Uzisunge bwino. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Galimoto itangotuluka ndinatsegula fuliji kuti ndione chinthu chimene chinkaliza munthu wamkulu. Ha! Ndinaseka ndekha. Malambe! Kutalika kwake komweko, kufiira kwa dothi komweko, ngakhale tiubweya tija timene timatsala m'manja. Ndinagogoda ndi chala, chigoba gwa. Kungoti zinali zolemera kuposa athu, komanso zinali ndi fungo lokoma, la nanazi losakanikira ndi chokoleti. Munthu wanzeru akanayambira pa fungolo n'kudzifunsa. Ine ndinachita zimene dzanja langa linazolowera: ndinanyamula chimodzi n'kuchigwedeza pakhutu.

Zii.

Chachiwiri, zii. Chachitatu ndi chachinayi chimodzimodzi.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti dambe lokhwima limalira. Zam'kati zimakhala zitauma n'kulekana ndi chigoba, ndiye ukaligwedeza limayankha. Limene lili chete ndiye kuti wina analigenda lisanafike nthawi yake. Ndinapukusa mutu. Ndinati m'mtima, agogo aja anafulumira chifukwa chothamangira ndege, athyola zosakhwima. Ndiye mwamuna uyu n'kuziika mu fuliji! Asa! Kodi chipatso chinapsako pozizira? Peyala laliwisi ukaliika mu fuliji limangoda m'kati, kunja lili gwa mpaka kalekale. M'maganizo ndinaona madamu akufika Lachinayi, akuswa chipatso chawo n'kupeza chosadyeka, ine katswiri ndili pomwepo osachitapo kanthu.

Foni ndinali nayo m'thumba. Nambala ya madamu inalimo. Koma chala chija chogogoda pamutu chinandibwerera, ndipo ndinati ayi, apa mpamene ndiwaonetse kuti sanalembe munthu wamba.

Ndinazivundika monga timachitira kwathu. Ndinapeza katoni, ndinayala manyuzipepala, ndinaika zipatso zinayi zija pamodzi ndi nthochi zitatu zakupsa kuti zizikokera zinzake, ndinafunditsa thaulo lakale. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda ka makina ochapira, kopanda eyakoni, kotentha moti ukalowamo mphindi ziwiri umatuluka thukuta lili kamukamu. Ndinati apa ndiye penipeni, masiku atatu zikhala zitalira. Bwana sindinamuope, chifukwa masiku amenewo ankangobwera kudzasamba ndi kusintha malaya, fuliji ya panja sankaiyandikira n'komwe.

Lolemba ndinagwedeza m'mawa, masana ndi madzulo. Zii. Sindinade nkhawa, tsiku limodzi n'chiyani.

Lachiwiri ndinapeza nthochi zija zitada bii, zitasungunuka m'makoko mwake. Zipatso zinali momwe zinalili, koma fungo linali litasintha. Kukoma kuja kunalipo, koma pansi pake panali kena kakuthwa kobaya m'mphuno. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndi nthochizo. Ndinazitaya n'kuikamo zina.

Tsiku lomwelo madamu anandiimbira. Mawu awo anali aang'ono, ochokera kutali.

"Zipatso zanga zili bwino?"

"Zili bwino, madamu. Ndikuzisamala ngati mazira."

"Usaswe, wamva? Ndikufuna ndidzaswe ndekha. Ndikungowerenga masiku."

Apo mpamene ndikanangoti, madamu, kodi kwanu mumazipsetsa bwanji? Mawu anafika pakhosi, ndinawameza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Lachitatu m'mawa ndisanatsegule n'komwe chitseko cha kachipindako, fungo linandilandira panja. Linali la masese a dzana. Ndinavundukula thaulo, ndinanyamula chimodzi, ndinagwedeza, ndipo chinalira! Ndinatsala pang'ono kululutira. Koma nditagwedezanso, chimwemwe chinathera m'khosi. Sikunali kulira kouma kwa dambe ayi. Kunali khuvukhuvu, kulira kwa chinthu chamadzi chimene chalekana m'kati. Nditachitembenuza ndinaona chuku choyera pamene panali phesi, ndi kamng'alu kakang'ono kakutuluka thovu. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yotentha. Amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha bwalo lonse.

Ndinali ndi munthu mmodzi ku Doha amene ndikanamuuza, mayi wina wa ku Ntcheu, wamkulu kwa ine, amene tinadziwana ku mapemphero a Lachisanu. Ankagwira ntchito m'khitchini ya hotela chaku Bin Mahmoud, zaka zambiri ndithu, ndipo ananditchulirapo kuti shefu wawo wina ndi wa ku Brazil. Ndinajambula chipatsocho n'kuwatumizira, kenako ndinaimba.

"Achemwali, ndithandizeni. Mundifunsireko kwa shefu wanu uja kuti chinthu ichi chimapsa masiku angati."

"Ndili pa shifiti, mwana iwe. Dikira buleki."

Ndinadikira maola atatu. Ndinakolopa pabalaza kawiri osadziwa kuti ndakolopa kale. Foni italira ndinangomva mmene anapumira, n'kudziwiratu.

"Iwe, zinthuzo zili kuti panopa?"

"Ndinazivundika."

"Unazitani?"

"Ndinazivundika, achemwali. Ndi nthochi. M'kachipinda kochapira."

"Mayo ine! Kuyambira liti?"

"Lamulungu."

Kenako anandifotokozera zimene shefu ananena. Chipatso chimenecho sathyola. Chikapsa chimagwa chokha mumtengo, ndipo anthu amangotola pansi m'mawa. Chikagwa ndiye kuti chafika pamapeto, sichipsanso kuposa pamenepo, chimangoyamba kuwonongeka tsiku ndi tsiku. Chigoba sichifewa, sichisintha mtundu, sichikuuza kalikonse. M'kati mumakhala mnofu woyera wonyowa, ndipo sumauma ngati wa malambe. Kwawoko amachiswa msanga, n'kumeta mnofuwo ku nthanga zake ndi sizasi, n'kuusunga pozizira kwambiri. Pamalo otentha chimawira n'kusanduka mowa.

"Ndiye kuti zinali zakupsa kale," ndinatero.

"Zinali zakupsa kale. Iwe waphika zophikaphika."

Ndinayamba kulira. Ndinawauza za ofesi, za tikiti, za masabata awiri otsala. Iwo anandidula.

"Pukuta misozi, undimvere. Wati kunja sizikuoneka kanthu?"

"Chimodzi chokha chili ndi kachuku."

"Pukuta chukucho. Bwezera zonse mu fuliji mmene anaikira bwana wako. Katoni ukataye kutali. Ndiye utseke pakamwa pakopo, khalasi, nkhani yatha. Zinthu zayenda ulendo wa ndege kuchoka kutsidya kwa dziko, akaziona zowola aziti zinawolera m'njira. Adziwa ndani?"

"Koma achemwali..."

"Palibe za koma. Ife tinabwera kudzagwira ntchito kuno, sitinabwere kudzalapa. Mwana wako uja adya chilungamo chakocho?"

Ndisakunamizeni kuti ndinalimbana ndi mtima wanga nthawi yaitali. Ndinachita zonse zimene ananena, ndipo ndinazichita mwaluso. Ndinapukuta chipatso chilichonse ndi kansalu konyowa, ndinachiumitsa, ndinazibwezera m'chikwama chawo, chong'aluka chija ndinachigoneka mng'alu uli pansi. Katoni ndi thaulo ndinakaponya m'bini ya msewu wachiwiri. Kachipinda kaja ndinakakolopa ndi mankhwala mpaka maso kuwawa. Pomaliza ndinaima pakati pa bwalo n'kununkhiza mbali zonse, ndipo panalibe chotsala.

Lachinayi anafika cha m'ma 11 koloko. Ndinatsegula geti. Madamu anatsika pang'onopang'ono, atagwira mkono wa bwana. Mayo, anali ataonda! Mimba yokha ndi imene inali patsogolo, kumaso kutalowa, pamkono pali pulasitala ya diripi. Atandiona anamwetulira n'kundigwira tsaya. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Sanafune n'komwe kukagona. Anakhala pampando m'khitchini n'kunena kuti, "Bweretsa."

Ndinabweretsa chikwama chija n'kuchiika patebulo. Bwana anakatenga hamala m'galimoto, akuseka, akuti lero aone chinthu chimene chamulanda mkazi. Madamu ananyamula choyamba, anachisisita, anayankhula nacho m'chinenero chawo. Kenako anachiika pathabwa n'kumenya kawiri.

Chinatseguka, fungo linadzaza khitchini yonse. M'kati munali mofiirira, mwamadzimadzi, muli thovu. Bwana anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Madamu anachiyang'ana, kenako anachikankhira pambali n'kutenga chachiwiri. Chimodzimodzi. Chachitatu, chong'aluka chija, chinali chakuda mbali imodzi.

Apo misozi inayamba kutsika. Sanalire mokweza, inkangoyenderera.

"Ndinamuuza mtsikana uja," anatero, akunena msuweni wawo. "Ndinamuuza kuti asazisiye m'galimoto. Ndinamuchonderera. Amayi anadzuka m'mamawa masiku anayi kukatola zimenezi, ndi mawondo awo aja."

Bwana anayamba kutukwana mtsikanayo, ndege yake, ndi dziko lonse la Brazil. Ine ndinali chilili pafupi ndi sinki, ndikupotokola kansalu kopukutira mbale. Nzeru ya achemwali inali ikuyenda bwinobwino. Palibe anandiyang'ana. Ndinkangoti m'mtima, Ambuye, chachinayicho chikhalenso chowola, alire, zithe, ine ndidzalapa pandekha.

Madamu anamenya chachinayi. Chinagawika pakati, ndipo m'kati munali moyera.

Sikunali kuyera kwenikweni. M'mphepete mwa chigoba munali mutayamba chikasu, ndipo kafungo kakuthwa kaja kanalipo. Koma pakati panali poyera, ponona. Madamu anafuula ngati mwana. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuti, "Supuni! Ndipatse supuni!"

Ndinawapatsa. Inde, ndi dzanja langali ndinawapatsa.

Bwana anawagwira mkono. "Habibti, wokondedwa wanga, dikira. Dokotala anati chiyani? Chilichonse chimene chayamba kuwonongeka, ayi. Ukatsegula m'mimba panopa tibwerera kuchipatala, ndipo ukudziwa zimene zingachitike."

"Ichi chili bwino. Chimawawasa chonchi mwachibadwa."

"Nanga fungolo?"

"Mphuno yanga masiku ano ikundinamiza, ngakhale madzi akumandinunkhira." Supuni inali itadzaza kale. "Ngati chinawonongekera m'njira tsiku limodzi n'kulowa mu fuliji, chapakatichi chilibe vuto. Kwathu tikanadya." Kenako anatembenukira kwa ine, osati mondikayikira ayi, koma mofuna mboni yoti iwathandize kugonjetsa mwamuna wawo. "Zakhala mu fuliji masiku onsewa, eti? Muuze."

Zikanangofunika kugwedeza mutu basi. Ngakhale mawu sakanafunika. Ndinayang'ana supuni ija, ndinayang'ana mimba ija itagunda m'mphepete mwa tebulo. Masiku atatu athunthu m'ng'anjo muja, pambali pa zinzake zimene zinawira mpaka thovu. Kaya chikanawapweteka, kaya sichikanawapweteka, ine sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Ukatswiri wanga wonse wa pa Zalewa unali utathera pa chipatso chimenechi. Chimene ndinkadziwa n'choti awiri anapita kale padera, ndipo supuni inali itanyamuka.

"Musadye, madamu."

Mawuwo anatuluka okha, okweza kuposa mmene ndinkafunira. Onse awiri anandiyang'ana.

"Sizinali mu fuliji. Ndinazitulutsa Lamulungu lomwelo. Zakhala m'kachipinda kochapira mpaka dzulo masana. Msuweni wanu sanalakwe, ndine."

Madamu anatsitsa supuni pang'onopang'ono mpaka inagunda thabwa. Sanakalipe. Anangondiyang'ana ndi maso aja, n'kufunsa motsitsa, "Chifukwa chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Chingerezi chonse chinandithawa. Bwana ndiye sanadikire. Anamenya tebulo, zigoba zinadumpha.

"M'kachipinda kochapira! Ndinaika ndekha mu fuliji! Ndani anakutuma? Ndiye n'kuzibwezera mwakachetechete, n'kuima apo ukutionerera tikutukwana munthu wosalakwa? Ukanamupha mwana wanga! Khalasi! Kalongedze katundu wako. Yala! Ndikukakutula ku ofesi lero lomwe."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinatuluka, ndinadutsa pabwalo dzuwa likundimenya pamutu, ndinalowa m'kachipinda kanga. Ndinakoka sutukesi pansi pa bedi. Ndinkamva bwana pabalaza akufunafuna nambala ya ejenti, akudziyankhulira m'Chiarabu. Ndinkaponyamo zovala osapinda, ndikuganiza kuti amayi ndikawauza chiyani, mwana wanga ndikamuyang'ana bwanji. Ndiye dzanja linagunda chinthu cholimba pansi pa zitenje, n'kuti tseke.

Ndinalitulutsa dambe lija. Sindinaganize zoti lindipulumutsa, bodza ayi. Chimene chinandiwawa n'chakuti mayi amene ankandifunsa ngati ndadya atsala akuganiza kuti ndinawachitira dala, kapena kuti ndinedi wopanda ubongo. Anandifunsa chifukwa, ndipo ndinali ndisanawayankhe. Ndinati ndipite, koma ndipite atamva.

Ndinawapeza ali pomwe paja, atatsamira chigongono patebulo, zigoba zinayi zili mbwee patsogolo pawo. Ndinaika dambe langa pakati pa zigobazo. Anadzidzimuka. Analiyang'ana, anayang'ana zawo, analiyang'ananso.

"Chachisanu? Wachitenga kuti?"

"Si chanu, madamu. N'cha kwathu. Amayi anga anandipatsa."

Ndinalinyamula n'kuligwedeza pafupi ndi khutu lawo. Tseketseke, tseketseke.

"Chathu chikapsa chimalira chonchi. Zanu sizinkalira. Ndinkaganiza kuti amayi anu anathyola zosakhwima, ndiye ndinaziika potentha kuti mudzapeze zitapsa. Ndinkafuna mudzasangalale. Ndinkaopa kufunsa. Dzulo nditadziwa, ndinaopanso kunena."

Analitenga m'manja mwanga. Analisisita mmene anasisitira chawo chija, analigwedeza okha, kawiri, katatu. Pakamwa pawo panachita ngati pakufuna kuseka, koma misozi ndi imene inabwera.

"Wakhala nacho nthawi yonseyi? Osadya?"

"Miyezi inayi."

"Sichiwola?"

"Sichiwola, madamu. M'kati ndi mouma."

"Chimakoma bwanji?"

"Chimawawasa. Kwathu amayi apakati sachileka."

Ndinanena zimenezo osaganiza, ndipo nditangonena ndinaona maso awo akupita pa hamala. Mtima wanga unati myuu. Ndinafuna kulilanda. Ndithu, ndi tikiti ili pakhomo, ndinafuna kulilanda n'kuthawa nalo. Iwo anandiyang'ana, akudikira, hamala sanaigwire. Ndinaitenga ndekha. Ndinaligoneka pathabwa, ndinatseka maso, n'kumenya.

Linasweka pakati bwinobwino, kaufa koyera kanafuka. Ndinatola kachidutswa kamodzi n'kuwaonetsa kuti satafuna, amangovumata mpaka patsale nthanga. Anaika pakamwa. Nkhope inakwinyika, diso limodzi linatsinzina, mapewa anakwera. Tinadikira tonse, ine ndikuyang'ana beseni losanziramo limene linkakhala pafupi nawo nthawi zonse. Anatulutsa nthanga yakuda ija, anaiika pambale, n'kutambasula dzanja kutenga kachiwiri.

Bwana analowa foni ili kukhutu, ikuitana. Anapeza mkazi wake ali ndi ufa woyera pamilomo, pambale pali nthanga zisanu. Anaima pakhomo.

"N'chiyaninso chimenecho?"

"Dula foniyo," anatero madamu, kachisanu ndi chimodzi kali m'tsaya.

"Mtsikana ameneyu anatinamiza."

"Anatinamiza dzulo. Lero akanangogwedeza mutu ndikanadya. Dula."

Anayang'ana beseni lopanda kanthu, anandiyang'ana ine ndi diso loti tidzaonana, n'kudula. Koma dambelo sanalikhulupirire mpaka atajambula n'kutumizira dokotala wawo, ndipo atamva kuti palibe choopsa anangoti, "Hm." Madzulo ake anandiimitsa pabalaza n'kunditumiza kupepesa msuweni uja pa foni, iye ali pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kontilakiti yanga itatha, chilichonse chimene waika mu fuliji ankandiitana n'kundilozera, "Ichi usakhudze," ngakhale botolo la madzi. Ndinkangoti chabwino, bwana, ndikumeza mkwiyo. Achemwali a ku hotela aja atamva anati ndine chitsiru chamwayi, ndipo mwayi wotero subwera kawiri.

Kupuwasu madamu sanamulawe chaka chimenecho. Chachinayi chija ndinakataya ndine, iwo atatembenukira kukhoma. Dambe langa analimaliza m'masiku anayi. Ankalidya pang'onopang'ono m'mawa, kenako n'kutha kumwa kaphala, kenako kampunga. Tsiku lachitatu anandiitana n'kunditambasulira chigoba kuti nditengeko. Ndinati ayi, madamu, idyani, ine kwathu ndinadya ambiri. Ndinanama. Malovu anali atadzaza m'kamwa, ndipo mumtima ndinkawerenga kachidutswa kalikonse kamene kankalowa pakamwa pawo.

Miyezi yanga itatu inakwana, ndipo palibe anaitchula. Mwana anabadwa mu Ogasiti, wamkazi, wa tsitsi lambiri.

Zigoba ziwiri za dambe lija sindinataye. Ndinazitsuka, ndinaziphatikiza, ndinazimanga ndi ulusi n'kuzibwezera pansi pa zitenje. Sabata yotsatira, masana pa nthawi yopuma, ndinakumbuka kwathu monga mwa masiku onse. Dzanja linapita lokha m'sutukesi. Ndinalinyamula, lopepuka, ndinaliika pakhutu n'kugwedeza. Ndinagwedezanso mwamphamvu, ngati munthu wosadziwa. Kenako ndinakhala pabedi ndili nalo m'manja mpaka madamu anandiitana kuti ndikawathandize kudzuka.